Nambala za pa intaneti zolandirira makhodi otsimikizira akaunti: iti ikuyenera ntchito iti?

Pafupifupi akaunti iliyonse imene munthu amatsegula masiku ano, kaya ndi ya imelo, ya malo ochezera kapena yogulira zinthu, imafika poti mupereke nambala ya foni, kenako imatumiza uthenga wa khodi ya manambala 4 kapena 6 yoti mulembe isanathe ntchito. Anthu ambiri safuna kupereka nambala yawo yeniyeni, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Ena atopa ndi mauthenga otsatsa malonda, ena akufuna kulekanitsa za kuntchito ndi za kunyumba, ena ali kunja kwa dziko kumene simukhadi yawo sikugwira, ndipo ena ndi olemba mapulogalamu amene akuyesa ngati makhodi akufika bwino. Onsewa amakopeka ndi nambala za pa intaneti, zimene sizikhala pa simukhadi: uthenga umafikira pa makompyuta a kampani ina, ndipo inu mumauwerengera pa webusaiti kapena mu pulogalamu ya pa foni.

Ambiri amayeza njirazi ndi funso limodzi lokha, loti kodi khodi ifika lero. Funso limeneli ndi laling'ono. Akaunti imasunga nambala imene munalembetsera, moti tsiku limene mudzasinthe foni, mudzaiwale mawu achinsinsi kapena mudzalowe muli dziko lina, khodi yatsopano idzapita ku nambala yomweyo, kaya ikadali yanu kapena ili m'manja mwa munthu wina. Choncho njira iliyonse iyenera kuyezedwa ndi funso loti nambalayi idzakhala ya ndani pakatha chaka.

Zoyezera

Mtengo si ndalama zogulira nambala zokha, koma kuphatikizapo zimene mudzalipira mwezi ndi mwezi kuti isalandidwe, ndiponso zimene zimatayika khodi ikalephera kufika.

Kupezeka kuli ndi mbali ziwiri: ngati nambalayo mungaipeze m'dziko limene muli, komanso ngati akaunti imene mukufuna kutsegula ingailole. Mbali yachiwiriyi ndi imene otsatsa satchula. Makampani akuluakulu asanatumize khodi amafufuza kaye mtundu wa nambala m'nkhokwe za makampani a mafoni, ndipo yankho limabwera lonena kuti iyi ndi ya foni yam'manja, iyi ndi ya m'nyumba, iyi ndi ya VoIP, kutanthauza nambala yoyendera pa intaneti. WhatsApp imanena poyera kuti silola nambala za VoIP, ndipo mabanki ambiri amachitanso chimodzimodzi. Palinso vuto la mauthenga ochokera ku nambala zazifupi, za manambala 5 kapena 6, kapena amene amabwera ndi dzina la kampani m'malo mwa nambala; nambala zambiri za pa intaneti sizilandira mauthenga oterewa, ndipo munthu amangodikira popanda kuuzidwa chimene chalakwika.

Kusamalira ndi ntchito imene muyenera kumagwira kuti nambala ikhalebe yanu. Zoopsa ndi za amene angawerenge makhodi anu, lero kapena mtsogolo.

Mawebusaiti aulere oonetsa mauthenga poyera

Mtengo: Simulipira chilichonse, ndipo nthawi zambiri simulembetsa n'komwe. Eni ake amapeza ndalama pa zotsatsa malonda zimene zadzaza tsambalo.

Kupezeka: Mawebusaiti oterewa ndi ambirimbiri ndipo amaonetsa nambala za mayiko osiyanasiyana, koma nambala iliyonse yagwiritsidwa kale ntchito ndi anthu ochuluka, moti maakaunti otchuka amaikana kapena kukuuzani kuti nambalayi ili ndi akaunti kale. Imene ingagwire ndi ija yangoikidwa kumene, ndipo nayo sikhalitsa.

Kusamalira: Palibe chosamalira chifukwa nambalayo si yanu. Eni ake amaichotsa nthawi iliyonse osakudziwitsani.

Zoopsa: Tsegulani tsamba la nambala imodzi muone mmene lilili. Pali mndandanda wautali, mzere uliwonse ukuonetsa wotumiza, nthawi imene uthenga wafika ndi mawu ake onse: khodi ya sitolo ya pa intaneti imene yalowa masekondi angapo apitawo, pansi pake khodi ya malo opezera zibwenzi, pansinso uthenga wotchula dzina loyamba la munthu amene wayitanitsa galimoto. Aliyense amene watsegula tsambalo akuona zomwezo, ndipo pa maakaunti amene amalola kulowa ndi nambala yokha, mlendo sasowa chilichonse kupatula kulemba nambalayo ndi kudikira khodi ioneke pa mndandanda. Kugwiritsa ntchito nambala yotere pa akaunti yofunika kuli ngati kukhoma chitseko n'kupachika kiyi panja pake. Njirayi ndi yoyenera pokhapokha ngati simungadandaule akauntiyo itatengedwa mawa lomwe.

Nambala zobwereka zolandirira khodi imodzi

Mtengo: Mumalipira pang'ono pa khodi iliyonse, koma ogulitsa ambiri amafuna kuti muyambe mwaika ndalama m'thumba la akaunti yanu ya kwa iwo, nthawi zina pogwiritsa ntchito ndalama za kiripito, ndipo zotsala zimavuta kubweza. Mtengo umasiyana malinga ndi dziko la nambalayo ndi akaunti imene mukufuna kutsegula.

Kupezeka: Apa ndi pamene njirayi imapambana mawebusaiti aulere ngakhalenso mapulogalamu ambiri olipira, chifukwa ogulitsa ambiri amagwiritsa ntchito masimukhadi enieni oikidwa m'makina onyamula masimukhadi ambiri nthawi imodzi. Nambala yotere ikafufuzidwa imaoneka ngati ya foni yam'manja, choncho imadutsa kumene VoIP imakanidwa.

Kusamalira: Nambala imakhala yanu kwa mphindi zowerengeka, kenako imabwerera kwa wogulitsa. Ena amalola kuibwerekanso, koma salonjeza kuti idzapezeka pa tsiku limene mudzaifune.

Zoopsa: Khodi yoyamba imafika, akaunti imatseguka, ndipo vuto limabisala kufikira tsiku limene akauntiyo idzapemphe khodi yachiwiri. Pa tsikulo mulibe poyambira, ndipo othandiza makasitomala sangakukhulupirireni popeza simungaonetse kuti nambalayo inali yanu. Wogulitsa amaona makhodi onse, ndipo akhoza kugulitsa nambala yomweyo kwa munthu wina pa akaunti ya mtundu womwewo. Chinanso n'chakuti simudziwa kumene masimukhadiwo anachokera. M'mayiko ambiri lamulo limafuna kuti simukhadi ilembetsedwe ndi chiphaso cha mwini wake, kutanthauza kuti nambala imene mwabwereka ikhoza kukhala m'dzina la munthu amene sakudziwa n'komwe. Msika umenewu umadaliridwanso kwambiri ndi otsegula maakaunti abodza ambirimbiri, n'chifukwa chake makampani amatseka msanga maakaunti ochokera ku nambala zimenezi, ndipo wosalakwa amakokedwera momwemo.

Mapulogalamu opereka nambala yachiwiri yokhalitsa

M'gulu limeneli muli Google Voice, TextNow, Hushed, Burner ndi ena ofanana nawo. Kusiyana kwake ndi njira ziwiri zoyambazo n'kwakuti nambala imakhala ya inu nokha, ndipo mumatha kuimbira ndi kutumiza mauthenga.

Mtengo: Ena ndi aulere ndipo amadalira zotsatsa malonda, ena amalipiritsa pa mwezi kapena pa chaka. Amene amalipiritsa nthawi zambiri ndi amene amakutetezerani nambala kuti isalandidwe, ndipo ena aulere amasunga kulandira makhodi ngati chinthu cha olipira okha.

Kupezeka: Nambala zambiri za m'gulu limeneli ndi za United States, Canada ndi United Kingdom. Google Voice ya munthu payekha imaperekedwa kwa okhala ku United States, ndipo imafuna kuti mukhale kale ndi nambala ya m'dzikolo yotsimikizira, choncho kwa okhala kwina njirayi ndi yotsekeka. Chifukwa cha lamulo lomweli panabuka chinyengo chimene bungwe la FTC la ku America linachenjeza anthu mu 2021. Munthu amaika katundu pa malonda, wina n'kumulembera ngati wogula, n'kunena kuti akufuna kutsimikiza kuti wogulitsayo ndi munthu weniweni, choncho amutumizira khodi ndipo aiwerenge. Wogulitsa akangotchula khodiyo, wakubayo amatsegula nambala ya Google Voice yomangiriridwa ku foni ya wogulitsayo n'kumaberera nayo ena. Kupatula za dziko, nambala zonsezi ndi za VoIP, motero zimagwira pa maakaunti ena n'kukanidwa pa ena, ndipo akaunti imene ikulola lero ikhoza kusintha malamulo chaka chamawa.

Kusamalira: Nambala yaulere imene yakhala osagwiritsidwa ntchito imalandidwa. Google imalanda pakapita miyezi ingapo popanda kuimba kapena kutumiza uthenga, ndipo mapulogalamu ena aulere sadikira nthawi yaitali choncho. Pa yolipira, khadi la ku banki likatha ntchito ndipo malipiro n'kulephera, nambala ikhoza kupita musanazindikire. Ndi bwino kudziikira chikumbutso chotumiza uthenga umodzi mwezi uliwonse, komanso kufufuza musanasankhe ngati kampaniyo imalola kusamutsira nambala kwina. Nkhani ya kusamutsayi si yongoganizira: Microsoft inatseka Skype, pulogalamu yake yoimbirana pa intaneti, mu Meyi 2025, ndipo amene ankalipira nambala kumeneko anayenera kufuna kosamukira.

Zoopsa: Pali ubwino umodzi umene ambiri saudziwa. Nambala yotere siikhala pa simukhadi, choncho wakuba sangapite kwa wogulitsa masimukhadi n'kumunyengerera kuti asamutse nambala yanu, chinyengo chimene chinagwera ngakhale Jack Dorsey, mkulu wa Twitter pa nthawiyo, mu Ogasiti 2019. Koma chitetezo chonse chimasamukira ku akaunti imene nambalayo ili, moti amene walowa mu akaunti imeneyo watenga makhodi anu onse nthawi imodzi. Msampha woipitsitsa ndi wozungulira: kugwiritsa ntchito nambala ya Google Voice ngati nambala yobwezeretsera akaunti ya Google yomweyo. Mukatsekeredwa kunja, khodi yokulowetsani imakafikira mkati mwa akaunti imene simungathe kulowa.

Nambala za makampani otumiza mauthenga, monga Twilio

Mtengo: Mumalipira lendi ya nambala mwezi uliwonse ndi kandalama pa uthenga uliwonse. Pa nambala imodzi si zambiri.

Kupezeka: Mayiko ndi ambiri kuposa a m'mapulogalamu, koma m'mayiko ochuluka lamulo limafuna kuti mupereke chiphaso kapena adiresi ya m'dzikolo, ndipo si nambala zonse zimene zimalandira mauthenga; zina ndi zoimbira zokha. Kulandira makhodi ochokera ku makampani ena si ntchito imene nambalazi zinapangidwira, ndipo kawirikawiri zimalephera pa mauthenga ochokera ku nambala zazifupi.

Kusamalira: Pamafunika munthu wodziwa kulemba mapulogalamu kuti akonze kumene uthenga uzikafikira, kaya ku imelo kapena ku gulu la antchito. Nambala siilandidwa chifukwa chongokhala, bola malipiro asaduke.

Zoopsa: Pa bizinesi, ubwino wake ndi wakuti nambala imakhala ya kampani osati ya wantchito mmodzi amene angachoke nayo. Kuipa kwake n'kwakuti aliyense wokhala ndi chilolezo cholowa mu akauntiyo amawerenga makhodi onse, kuphatikizapo amene anasiya ntchito ngati chilolezo chake sichinachotsedwe. Kampani yapakatiyo nayonso ikhoza kuthyoledwa. Mu Ogasiti 2022 akuba ananyenga antchito a Twilio n'kulowa m'makina ake, ndipo Signal, pulogalamu yotumizirana mauthenga imene inkatumiza makhodi ake kudzera ku Twilio, inalengeza kuti anthu ake pafupifupi 1,900 anakhudzidwa.

Simukhadi yachiwiri kapena eSIM ya kampani ya mafoni

Iyi si nambala ya pa intaneti, koma ndi muyezo umene zinazo ziyenera kuyerekezedwa nawo, chifukwa anthu ambiri amene amafuna nambala ya pa intaneti kwenikweni amangofuna nambala yachiwiri.

Mtengo: Kugula simukhadi ndi kuikamo mayunitsi mwa apo ndi apo. Kulandira uthenga nthawi zambiri sikulipiritsidwa, ngakhale muli kunja kwa dziko, komabe ndi bwino kufunsa kampani yanu musananyamuke.

Kupezeka: Imalandiridwa pafupifupi kulikonse, mabanki ndi WhatsApp omwe. Mafoni ambiri amatenga masimukhadi awiri, kapena imodzi ndi eSIM, imene ndi simukhadi yomangidwira mkati mwa foni yosafuna kuikamo kakhadi. Chenjerani ndi ma eSIM ogulitsidwa kwa apaulendo, chifukwa ambiri ndi a intaneti yokha ndipo alibe nambala yolandirira mauthenga. Kumene lamulo limafuna kulembetsa ndi chiphaso, nambalayi sikubisani kwa boma kapena kwa kampani ya mafoni. Imangokubisani kwa mawebusaiti amene mwawapatsa.

Kusamalira: Simukhadi imene yakhala nthawi yaitali osaikidwa mayunitsi kapena osagwiritsidwa ntchito imatsekedwa, ndipo nambala yake imaperekedwa kwa wina. Ku United States kokha, bungwe la boma loyang'anira za mafoni la FCC linanena kuti nambala pafupifupi 35 miliyoni zimatsekedwa chaka chilichonse n'kudikira eni atsopano, ndipo lamulo la kumeneko limangofuna kuti padutse masiku 45 nambala isanaperekedwenso. Mu 2021 ofufuza a pa yunivesite ya Princeton anayang'ana nambala 259 zimene zinali zokonzeka kupatsidwa kwa makasitomala atsopano, ndipo anapeza kuti 171 zinali zikadali zomangiriridwa ku maakaunti a eni ake akale pa mawebusaiti otchuka. Simukhadi yachiwiri ndi imene imaiwalika mosavuta m'kabati, choncho vutoli limaigwera kwambiri kuposa nambala yanu ya tsiku ndi tsiku.

Zoopsa: Kusamutsidwa kwa nambala mwachinyengo ndiko koopsa kwambiri, ndipo chizindikiro chake ndi foni kutaya netiweki mwadzidzidzi pamalo amene imagwira bwino. Palinso kufooka kwa SS7, njira yakale imene makampani a mafoni amalumikizirana, imene akuba anagwiritsa ntchito ku Germany mu 2017 kupatutsa makhodi a ku banki n'kuba ndalama. Pa nkhani ya kusamutsa, nambala yachiwiri imene simunaipereke kwa anthu ili ndi mwayi wakuti wakuba saidziwa. Ikani PIN pa simukhadi, ndipo zimitsani kuonetsa mawu a uthenga foni ikakhala yokhoma.

Kusiya SMS kumene n'kotheka

Pa maakaunti ambiri nambala imafunika polembetsa pokha, ndipo pambuyo pake mukhoza kusankha njira ina yotsimikizira. Mu 2017 bungwe la NIST la ku America linaika makhodi a pa SMS m'gulu la njira zoyenera kugwiritsidwa ntchito mosamala, ndipo makampani akuluakulu akhala akulimbikitsa njira zina.

Mtengo: Mapulogalamu opanga makhodi, monga Google Authenticator, Microsoft Authenticator ndi Aegis, ndi aulere. Ma passkey, njira yolowera mu akaunti ndi loko ya foni kapena kompyuta yanu m'malo mwa mawu achinsinsi, amene Apple, Google ndi Microsoft analengeza limodzi mu 2022 kuti awalimbikitsa, nawonso ndi aulere. Makiyi achitetezo olowetsa pa kompyuta, monga YubiKey, amagulidwa, ndipo muyenera kukhala ndi awiri.

Kupezeka: Maimelo akuluakulu ndi malo ochezera ambiri amalola, koma mabanki ambiri akadali pa SMS. Pulogalamu yopanga makhodi imatulutsa manambala 6 amene amasintha pa masekondi 30 aliwonse, ndipo imagwira ngakhale popanda netiweki, zimene zimathetsa vuto la wapaulendo. Njirayi siilowa m'malo mwa nambala pa WhatsApp kapena Signal, kumene nambala imafunika polembetsa, koma WhatsApp ili ndi PIN ya manambala 6 ndipo Signal ili ndi loko ya kulembetsa, zimene zimachedwetsa munthu amene watenga nambala yanu. Kuyambira mu 2024 Signal imalolanso kugwiritsa ntchito dzina kuti ocheza nawo asaone nambala, ndipo kwa ambiri zimenezi zimachotsa chifukwa chofunira nambala yobwereka.

Kusamalira: Sungani makhodi apadera amene mumapatsidwa poyamba, makamaka polemba pa pepala, chifukwa foni ikatayika ndi iwo amene adzakulowetseni.

Zoopsa: Makhodi a mu pulogalamu akhozabe kubedwa ngati mwawalemba pa tsamba labodza, pamene ma passkey ndi makiyi achitetezo sagwira pa tsamba labodza. Kumbukiraninso kuti nambala yakale ikakhalabe pa akaunti ngati njira yobwezeretsera, khomo lofooka likadali lotseguka, choncho ichotseni kumene akulola.

Iti kwa ndani

Pa banki, pa ndalama za pa foni, pa maakaunti a boma ndi pa imelo yanu yaikulu, gwiritsani ntchito nambala yeniyeni yolembetsedwa m'dzina lanu, ndipo onjezerani pulogalamu yopanga makhodi kapena passkey kumene zilipo. Imelo yaikulu ndi imene maakaunti ena onse amabwezeretsedwera, choncho siyenera kudalira nambala imene mungalandidwe chifukwa choiwala kulipira mwezi umodzi.

Amene akufuna WhatsApp yachiwiri ya malonda atenge simukhadi yachiwiri kapena eSIM yokhala ndi nambala, aike PIN ya WhatsApp tsiku lomwelo, ndipo aziikamo mayunitsi nthawi ndi nthawi. Nambala yobwereka ikhoza kutsegula akauntiyo, koma makasitomala onse amene adzasunge nambalayo adzakhala akulembera nambala imene si yanu.

Amene akungofuna kupewa mauthenga otsatsa malonda pa masitolo, pa mapulogalamu obweretsa katundu ndi pa malo ogulitsira zinthu zakale, nambala yolipira ya mu pulogalamu ikuwakwanira ngati ikupezeka m'dziko lawo. Ngati siipezeka, simukhadi yachiwiri imagwira ntchito yomweyo. Ndimakonda yolipira kuposa yaulere pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti siilandidwa mwakachetechete.

Wosamukira dziko lina asanyamuke asanasamutsire maakaunti ake ku pulogalamu yopanga makhodi, ndipo simukhadi yakwawo aisunge yamoyo kufikira banki ndi maakaunti onse atasinthidwa nambala. Kumene makampani amalola kusamutsa nambala, kuisamutsira ku VoIP kumasunga nambalayo, koma banki ikhoza kusiya kutumizako makhodi ikazindikira kuti mtundu wake wasintha.

Bizinesi imene antchito angapo amalowa mu akaunti imodzi iyambe yafufuza ngati akauntiyo imalola kuti aliyense akhale ndi chilolezo chakechake, chifukwa zimenezi zimathetsa vuto lonse la kugawana makhodi. Ngati sizitheka, nambala ya kampani ngati Twilio kapena simukhadi yolembetsedwa m'dzina la bizinesi ndi yabwino kuposa foni ya wantchito mmodzi. Olemba mapulogalamu amene akuyesa makhodi awo angagwiritse ntchito nambala za makampani amenewa, koma ayesenso pa masimukhadi enieni a m'mayiko amene makasitomala awo ali, popeza uthenga wofika pa VoIP si umboni wakuti ufika pa netiweki iliyonse.

Mawebusaiti aulere ndi nambala za khodi imodzi atsalira ntchito imodzi yokha: kuona mkati mwa tsamba limene simudzabwererako, popanda kulembapo dzina lanu lenileni, adiresi kapena khadi la ku banki, ndiponso mutawerenga kaye malamulo a tsambalo, chifukwa ambiri amaletsa nambala zotere ndipo amatseka akaunti akazindikira.